Firiji Imene Ndinatumizira Apongozi Osadziwa

Kwathu ku Chitawira timamwa madzi a mumtsuko. Alendo akafunsa kuti firiji inapita kuti, amake Tadala, amene ndi mkazi wanga, amayankha kuti tinaona kuti madzi a mumtsuko ndi okoma. Akamayankha choncho sandiyang'ana. Ine ndimakhala ndikuyang'ana pakona pamene panali firijiyo, pomwe simenti yake mpaka lero ndi yoyera kuposa nyumba yonse. Ndatopa nako kubisa, ndiye ndingoulula.

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta. Tilipo asanu pa kakampani kena kamene kali pamwamba pa sitolo ya nsalu ku Limbe. Kwa zaka zambiri aliyense ankagwira ntchito pa laputopu yake, ataikonza m'njira yakeyake. Yanga ndinaikonza kwa zaka zinayi, ndipo ndinkaidziwa kuposa mmene ndimadziwira abale anga ena. Vuto linali limodzi lokha. Chinthu chikayenda bwinobwino pa laputopu yanga, chikafika pa ya Yamikani, mnzanga wa tebulo loyandikana nalo, chinkafa. Yamikani akadandaula, ine ndinkatembenuza laputopu kuti aone yekha, n'kunena mawu amene ndinkawanena kangapo pa tsiku: "Kwa ine zikuyenda." (Anafika pondipatsa dzina lomwelo. Ngakhale mayi wogulitsa mandasi pansi pa masitepe ankandifunsa kuti, "A Zikuyenda, lero angati?")

Kenako kunabwera mayi Malunga kudzatitsogolera. Ndi munthu wosakweza mawu, ndipo anthu otero ndi amene ine ndimawaopa. Atationerera kwa mwezi wathunthu tikulozerana malaputopu, anatiitana n'kunena kuti kuyambira tsopano tonse tizigwira ntchito pa seva imodzi. Seva ndi kompyuta yaikulu imene imakhala kutali, yathuyi akuti ili ku Joni, ndipo aliyense amalowamo kudzera pa intaneti. Zida zimodzi, makonzedwe amodzi. Chikafa chafa kwa tonse, chikayenda chayenda kwa tonse, ndipo munthu watsopano akalembedwa ntchito sazitaya sabata yathunthu akulimbana ndi laputopu.

Ine ndinakana, ndipo zifukwa ndinali nazo.

"Mayi, netiweki ikagwa, tonse asanu tizingoyang'anizana? Inu mumakhala ku Nyambadwe, intaneti yanu siiphethira n'komwe. Ine ku Chitawira ndimachita kukaima pansi pa mtengo wa mapeyala kuti uthenga upite."

Ndinawauza kuti pa seva chilembo chilichonse chimene walemba chimayamba chapita ku Joni n'kubwerera chisanaoneke, ulendo umene ine mwini wake sindinauyendepo. Ndinawauzanso kuti laputopu ili ngati bafa la m'nyumba mwako, momwe umaimba nyimbo iliyonse imene wafuna, pamene seva ndi bafa la pa lendi, loti ukangolowa wina ali kale pakhomo ndi sopo m'manja.

"Ndamva," anatero mayi Malunga. "Lachinayi mukhale mutalowa m'bafamo."

Ndinakwiya, koma mwaulemu. Njira yanga yoonetsera mkwiyo inali yotseka mawu a gulu lathu la pa foni, kuti mauthenga a ku ofesi asamandilirire m'thumba. Palibe amene anadziwa kuti ndachita zimenezi, komabe ndinamva kuti ndawaonetsa.

Nthawi imeneyo tinkalemba pulogalamu ya kampani ina yonyamula katundu, yomwe ili ndi depoti ku Limbe komweko. Katundu akafika pa depoti, pulogalamuyo inkayenera kutumiza uthenga pa foni ya mwini wake kuti abwere adzatenge. Gawo la mauthengali linali langa. Kuti ndiziliyesa ndinkafunika manambala a foni, koma pulogalamu yangayo (ndinailemba mwaluso, izi zokha ndisabise) inkakana manambala ongopeka. M'malo movutika, ndinangotsegula foni yanga n'kukopera manambala khumi a anthu owadziwa, ndipo aliyense ndinamupatsa katundu malinga ndi mmene ndinkamuonera. Mkulu wa mpingo wa kwathu ndinawapatsa matayala anayi. Wondimeta ndinamupatsa jenereta. Apongozi anga aamuna, bambo Alufandika a ku Nchalo, ndinawapatsa firiji, chifukwa tikapita kumeneko madzi akumwa amakhala ngati a tiyi. Pa malo a wotumiza ndinalemba dzina langa lenileni, lonse lathunthu.

Panalibe choopsa chilichonse. Pa laputopu yanga mauthengawo sankapita kulikonse, ankangooneka pa sikirini n'kuthera pomwepo. Kwa miyezi itatu ndinawatumizira apongozi firiji m'mawa uliwonse, masiku ena kawiri, iwo osadziwa kanthu.

Ndikufotokozereni pang'ono za munthuyu. Bambo Alufandika anapuma ntchito ku minda ya nzimbe, komwe ankakonza mathirakitala. Kwa iwo ntchito ndi chinthu chimene chimadetsa manja. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi chikwatirireni mwana wawo, akhala akundifunsa funso limodzimodzi: "Kodi a mkamwini, ntchito yanu ija mumati ndi yotani?" Ndikafotokoza amagwedeza mutu, n'kuyang'ana manja anga, kenako n'kutembenukira kwa mwana wawo kumufunsa ngati akudya bwino. Sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi. Koma sananditchulepo china chilichonse kupatula "a mkamwini", ndipo zimenezi zinkandipweteka kuposa mmene ndinkavomerezera.

Lachinayi linafika. Ndinalowa mu ofesi ndi nkhope ya munthu woponderezedwa, n'kusamutsira zinthu zanga zonse pa seva, mndandanda wa manambala uja uli momwemo. Cha m'ma 8 koloko ndinachita zimene ndinkachita m'mawa uliwonse: ndinadina batani loyesera. Sikirini inalemba kuti mauthenga khumi atumizidwa. Anali mawu omwewo amene inkalemba masiku onse, choncho ndinanyamuka kukagula mandasi.

Chimene sindinadziwe ndi choti dzulo lake mayi Malunga anali atalumikiza sevayo ku makina enieni otumizira mauthenga, pokonzekera kukaonetsa pulogalamuyo kwa eni kampani Lachisanu. Anali atalemba pa gulu lija, kawiri, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti wina asayerekeze kuyesa ndi manambala a anthu. Anthu atatu anayankha kuti amva. Wachinayi anali kalikiliki kukwiya mwaulemu.

Foni inalira ndili pakati pa masitepe, mandasi ali m'manja. Anali mkulu wa mpingo uja.

"Bambo a Tadala, Ambuye akudalitseni kwambiri. Koma ndimati ndifunse, matayalawa ndi a galimoto iti? Ine paja ndili ndi njinga."

Ndinakhala pansi pa sitepe pomwepo. Mandasi ndinawaika pambali, ndipo sindikukumbuka kuti anadya ndani.

Ndinayamba kuimbira anthu mmodzimmodzi kupepesa. Ena anaseka, ena anati anadziwa kale kuti ndi za akuba a pa foni. Wondimeta anali atauza kale makasitomala ake kuti kwa iye za kuthima kwa magetsi zatha (mpaka lero amandimeta osayankhula, ndipo kumbuyo kwa khutu amasiyako dala). Anthu asanu ndi anayi ndinawapeza. Wa khumi foni yake inali yozima.

Bambo Alufandika foni amaiyatsa m'mawa, n'kuwerenga zimene zabwera, n'kuizimitsanso kuti batire isathe. Ndinaimbira apongozi aakazi. Moni sanandiyankhe, anayamba ndi nthungululu, moti ndinachotsa kaye foni pakhutu.

"Bambo a Tadala, mwatichotsa manyazi! Bambo anu anyamuka kale, apempha pikapu ya a Zuze. Avala jekete lija la pa ukwati wanu. Ife kuno tachotsa kabati pakona, tasesapo, ndipo amayi a kumpingo abwera kudzaona."

"Kudzaona chiyani, mayi?"

"Pamalo pomwe idzakhale."

Mawu oti kompyuta yalakwitsa anali pakamwa penipeni, koma anakana kutuluka. Ndinangoti zikomo, ndiye ngati ine ndi amene ndalandira mphatso.

Amake Tadala ndi mphunzitsi, ndipo mwamwayi inali nthawi ya buleki. Anamvetsera nkhani yonse osandidula.

"Ndiye mwawatumizira firiji yotani?"

"Kulibe firiji, amake Tadala. Inali yongoyesera."

"Mumayesera pa bambo anga."

"Pa laputopu sizinkapita."

"Pano zapita." Kuseri kwake ndinkamva ana akusewera. "Bambo anga akukwera phiri lonse lija atavala jekete. Mukawauza kuti kulibe firiji sakukalipirani. Angokuyang'anani manja, n'kubwerera ku Nchalo ndi pikapu yopanda kanthu, amayi a kumpingo ali pakhomo. Zikatero ine kwathu sindidzapondakonso. Kiyi wa nyumba muli naye."

"Mukunena firiji yathu ija?"

"Nyama muiike m'beseni, muvindikire. Ndikaweruka ndiiwamba."

Kuchokera ku Nchalo kufika ku Limbe pa pikapu ya a Zuze ndi ulendo wa maola awiri ndi kanthu, ngati yasankha kusafa panjira. Ola limodzi linali litapita kale. Komanso uthenga unanena kuti firiji ili pa depoti, ndipo depotiyo inali ya anthu omwe aja timafuna kukawasangalatsa mawa lake. Panalibe kuchitira mwina koma kukwera masitepe kukaonana ndi mayi Malunga.

Nditalowa ndinapeza Yamikani akuwerenga mndandanda wanga wonse pa sikirini yake. M'bafa la pa lendi mulibe chinsinsi.

"Akulu," anatero, "wometa jenereta, ine mnzanu wa tebulo limodzi osandipatsako ngakhale ketulo?"

Mayi Malunga anamvetsera atapinda manja. Nditamaliza, ndinadikira kuti andiuze tsiku lodzatenga kalata yondichotsa ntchito.

"Mukuti mauthenga onse khumi afika?"

"Afika, mayi."

"Mpaka ku Nchalo?"

"Mpaka ku Nchalo."

"Chabwino. Gawo lanulo ndi limene linkandidetsa nkhawa." Analemba kanthu m'kope mwawo, kenako anaimbira woyang'anira depoti. Anamuuza kuti tikufuna kuyesa pulogalamu ndi katundu weniweni Lachisanu lisanafike, kuti kukubwera firiji, ndipo mwini wake ali m'njira kuchokera ku Nchalo. Ndinamvetsera bwinobwino, panalibe bodza ngakhale limodzi. Atadula foni anati, "Pitani. Mukabwera mutsegule mawu a gulu lija."

Sindinawafunse kuti anadziwa bwanji.

Minibasi imene ndinakwera inali ndi anthu atatu, ndipo kondakitala analumbira kuti ikunyamuka pompano. Inanyamukadi, n'kuzungulira n'kubwerera pomwe inali. Nditatsika pa Chichiri ndinakwera njinga yamoto mpaka kunyumba. Mvula ikakuona litsiro siikata: sabata imeneyo magetsi kwathu anali asanathimepo, chinthu chimene sichichitika, moti m'chipinda chapamwamba cha firiji munali mutaundana madzi ngati mwala. Ndinatulutsa nyama, tomato, mabotolo a madzi ndi mphika wa ndiwo, ndinagogoda madzi oundanawo ndi mthiko mpaka mthiko unathyoka, kenako ndinathamangira ku Kamba kukapeza kalole. Tinaikulunga firijiyo ndi makatoni a sopo n'kuimanga ndi chingwe choyanikira zovala.

Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pa mpanda.

"Yafa?"

"Ayi, ili bwinobwino."

"Nanga ikupita kuti?"

"Yapeza ntchito ku Nchalo."

Ndinakwera kumbuyo kwa kaloleko nditaikumbatira firiji, malaya a ku ofesi ali m'thupi. Pa raundabauti ya pa Chichiri panali mdipiti wa magalimoto, ndipo tinaima pamenepo nthawi yokwanira kuti anthu a m'minibasi ziwiri andiyang'ane mokwanira. Madzi anayamba kudontha pansi pa katoni n'kulowa mu nsapato zanga. Ndinapemphera kuti pikapu ya a Zuze ife panjira, osati kufa kwenikweni, koma kukomoka chabe.

Pemphero linayankhidwa mwatheka. Titafika pa depoti, bambo Alufandika anali atakhala kale pa benchi, jekete ndi tayi zili m'malo mwake, chipewa chili pa bondo, foni ili m'manja. Kalaliki anali atawauza kuti katundu wawo akutsitsidwa, ndipo tinazembera kuseri n'kumutsitsadi. Ndinapukuta manja pa thalauza, ndinazungulira, n'kukanyonyomala patsogolo pawo.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Tayenda bwino, a mkamwini. Titadutsa pa Thabwa injini inatentha, koma tinaithira madzi."

Nthawi yomweyo kalaliki analowetsa firijiyo mu pulogalamu, ndipo pulogalamu yanga, yomwe sinakhumudwitsepo munthu, inagwira ntchito yake. Foni ya apongozi inalira. Anaitalikitsa kumaso n'kuwerenga pang'onopang'ono.

"Yachiwiri?"

"Ayi bambo, ndi yomweyo."

Munthu amene wakonza mathirakitala moyo wake wonse salandira katundu osamutsegula. Anamasula chingwe mosafulumira, n'kuchipinda bwinobwino, n'kundipatsa. Anachotsa makatoni. Apa ndiyenera kunena kuti chogwirira cha firiji yathu chinathyoka zaka ziwiri zapitazo, ndipo amene anachikonza ndi kachitsulo ndi mabawuti awiri, pa Khirisimasi ina atabwera kudzationa, anali bambo Alufandika omwewa. Pothamanga ponse paja, zimenezi sizinandibwerere m'mutu.

Anaika chala chachikulu pa bawuti imodzi. Anachisiya pamenepo nthawi yaitali. A Zuze anayamba kuyang'ana denga la depoti ngati akufuna kuligula. Ine ndinkangomva madzi akulira mu nsapato ndikasuntha phazi.

Kenako anatsegula chitseko. M'kashelefu ka pachitsekopo munali kambale ka nyemba zadzulo, kovindikira ndi sosala. Anakatulutsa mosamala, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Izi mu uthenga munalibe."

"Munalibedi, bambo."

Anatseka chitseko, n'kuchitsegulanso, n'kumvetsera mmene chikugwirira. "Firiji iyi ndi yolimba," anatero. "Amene anamanga chogwirirachi amadziwa ntchito."

"Amadziwadi, bambo."

Tinaikweza m'pikapu itaimirira, popeza anati firiji siigonekedwa. Anaimanga okha ndi zingwe zawo zimene anabwera nazo. Atatsala pang'ono kulowa m'galimoto anatembenuka, n'kuyang'ana manja anga, omwe tsiku limenelo anali akuda ndi fumbi ndi dzimbiri, chala china chikutuluka magazi.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikufunsa za ntchito yanu," anatero. "Lero ndaiona. Mumalemba mawu m'mawa, pofika masana chinthu chayenda." Anagwira dzanja langa lomwe linalibe nyemba, n'kundithokoza m'Chisena chawo. "Takhuta, mwana wanga."

Pikapu inanyamuka itakankhidwa pang'ono. Ndinatsala pakhomo la depoti ndi kambale ka nyemba m'manja, misozi ili m'maso, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinkalira chifukwa cha mawuwo kapena chifukwa cha firiji. Ndikuganiza kuti zinali zonse ziwiri.

Lachisanu zinayenda bwino kwambiri. Woyang'anira depoti anauza mabwana ake kuti pulogalamuyi yayesedwa kale ndi firiji yeniyeni ndipo mwini wake anafika pasanathe maola atatu. Mayi Malunga ananditchula dzina pothokoza, nkhope yawo osasintha. Kuyambira pamenepo ndimagwira ntchito pa seva ngati wina aliyense, ndipo mawu oti "kwa ine zikuyenda" ndinawasiya, chifukwa pano zikayenda zimayendadi, mpaka kukafika kumene sunazitume. Netiweki imagwa monga ndinanenera, ndipo ikagwa tonse asanu timangoyang'anizana monga ndinanenera. Palibe amene wabwerapo kudzavomereza kuti ndinkanena zoona.

Patapita masabata awiri, foni yanga inalandira uthenga woti katundu wanga wafika pa depoti ya ku Limbe. Katundu: mtsuko. Wotumiza: Alufandika. Ndinatembenukira kwa Yamikani n'kumuuza kuti nthabwala zina n'zosakoma. Iye anakana, ine sindinamukhulupirire. Panapita masiku anayi, mpaka kalaliki wa ku depoti anachita kundiimbira kuti mtsuko wanga ukuwatsekera njira.

Unali wokulungidwa ndi udzu m'thumba, ndipo m'kati mwake munali kakalata kolembedwa ndi zilembo zoimirira ngati asilikali:

"Mwana wanga, firiji ikugwira bwino ntchito. Mtsukowu sufuna magetsi. Nambala yanga musaichotse mu kompyuta yanuyo. Mayi anu asesanso pakona ina, akuti pangakwane wailesi ya kanema."

Amake Tadala amanenetsa kuti iwo sanauze munthu aliyense. Ndimawakhulupirira masiku ena.

Mayi Malunga akuti phunziro lake ndi loti munthu asamayesere ndi manambala a anthu enieni, ndipo analilemba pa pepala n'kulimata pakhoma, moyang'anizana ndi tebulo langa. Sindikutsutsa. Manambala asanu ndi anayi aja ndinawachotsa tsiku lomwelo. Ya bambo Alufandika ndinaisiya, chifukwa munthu amene wadikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti atchulidwe mwana sangafufute bambo ake pa mndandanda. Ndinangosintha katundu. Pa dzina lawo panopa palembedwa tsache, ndipo kunyumba tili ndi matsache awiri.